Mmene mungayendere malinga, mabwinja ndi zikumbutso za nkhondo kuno ku Tete

Mphwanga amene anatsalira ku Malawi pamene ife tinkabwerera kwathu mu 1994 anandiimbira foni chaka chatha. Ankafuna kubwera ndi ana ake awiri kuti adzaone dziko limene bambo awo anatulukamo ali kumsana. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi kumeneko kuli nyumba yosungiramo zakale yoti ndikawaonetse anawa?" Ndinamuuza kuti angobwera, koma apatule masiku asanu, avale nsapato zolimba, ndipo phuma alisiye ku Lilongwe konko. Ulendo umene tinayenda uja ndi umene ndikufuna kukulongosolerani, chifukwa ambiri mumadutsa m'chigawo chathu chino pa basi ya ku Joni, maso ali pa foni, osadziwa kuti msewu umene mukuyendamowo unali wa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali.

Ine ndine mphunzitsi, wobadwira m'munsi mwa phiri la Domwe ku Angónia. Malo amene ndimakonda kupitako ndi aja amene asilikali ankagona, ankalondera, ankatsekeramo anthu, kapena amene anasiya chipsera atadutsa. Ambiri mwa malowa alibe chikwangwani, alibenso munthu pakhomo wogulitsa tikiti. Amene amakutsegulirani ndi anthu okhala pafupi, ndiye luso lonse la ulendowu lagona pa kudziwa kupempha ndi kudikira.

Tiyambe ndi nyengo. Bwerani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kuno kumtunda kumakhala chisanu choluma, moti juzi musaiwale, koma mukatsikira ku Zambezi ndiye nyengo yokhayo imene munthu angayende masana osakomoka. Mu Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umatentha kupitirira madigiri 40, ndipo nthawi ya mvula misewu yafumbi yolowera kumidzi imakanika. Chitupa chanu chikhale m'thumba nthawi zonse: ife a kuno BI, chiphaso chathu cha unzika, inu a ku Malawi pasipoti yodindidwa pa chipata, kaya mwalowera pa Dedza, pa Biriwiri kapena pa Zóbuè. Sinthani ndalama mukhale ndi metikali zing'onozing'ono, chifukwa kondakitala wa shapa, minibasi ya kuno, ndi mayi wogulitsa madzi sakhala ndi chenji cha pepala lalikulu. M'chikwama muikemonso mchere, shuga ndi sopo. Zimenezi ndi za kunyumba za akuluakulu amene mudzakhale nawo pansi. Kwathu kuno munthu salowa pakhomo pa mfumu chimanjamanja.

Ine alendo anga ndimayamba nawo pa Domwe pomwepa. Kuchokera ku Ulongwe, umene Apwitikizi ankautcha Vila Coutinho, mumapeza galimoto kapena njinga yamoto yopita ku Domwe. Mukafika musathamangire kukwera. Funsani nyumba ya amfumu, khalani pansi, amuna muvule chipewa, amayi muvale chitenje, ndipo dikirani akufunseni okha kuti mwadzera chiyani. Nenani dzina lanu, mfunda wanu ndi kumene mwachokera. Mwana wamkulu wa mphwanga atanena kuti ndi wa kwa Phiri ndipo agogo ake anagona m'dera lomweli, nkhope ya amfumu inamasuka, n'kutipatsa mnyamata woti atitsogolere. Mnyamata wotereyu mumamupatsa kangachepe pobwerera, osati poyamba.

Phiri limeneli linali likulu la Angoni a Maseko. Atayenda mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, anabwerera chakumwera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika pa Domwe cha m'ma 1870. Pambuyo pake panalowa Chikuse, ndipo kuchokera pano magulu a nkhondo ankatsikira kunyanja ndi ku Shire kukagwira anthu ndi ng'ombe. Mwana wake Gomani anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Apo n'kuti pangano la 1891 la Angerezi ndi Apwitikizi litadula kale anthu amodzi pakati, ena kukhala a Nyasaland, ena a Mozambique. Mukaima pamwamba n'kuyang'ana chigwa chonse, minda ya mbatata ya kachewere ndi mapiri a ku Dedza, mumamvetsa chifukwa chake anthu a nkhondo anasankha pamenepa: munthu sangakuyandikireni osaoneka. Ine ndine Mchewa, ndipo agogo anga ankasimba mbali inayo ya nkhaniyi, ya kugona m'mapanga ndi kulima mkondo uli pambali. Mukakhala ndi mwayi wocheza ndi nkhalamba ya Chingoni ndi ina ya Chichewa, mverani onse awiri, aliyense payekha. Musawakhazike pamodzi kuti atsutsane, poti lero ndi apongozi okhaokha.

Tsiku lachiwiri ndi la m'malire. Msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda pa malire penipeni, kwina Malawi, kwina Mozambique. Mbali yathuyi mukadali zigoba za maloja, masitolo a kale, zopanda denga, zimene zinawonongeka pa nkhondo ya zaka 16 ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zambiri anthu anazikonza n'kuyambanso kugulitsiramo, koma zina zikadali chiimire. Pali imodzi imene ndimaidziwa bwino chifukwa mayi ankagulamo mchere ndi palafini. Khoma lake lakumaso lili ndi mabowo a zipolopolo oyenda mzere kuchoka pa zenera kukafika pa khomo, ndipo m'kati, pamene panali kauntala, panamera mtengo wa kachere umene mizu yake yang'amba simenti. Mwana wamng'ono wa mphwanga analowetsa chala chake m'bowo limodzi, chala chonse n'kubisika. Sindinamuuze kanthu. Bambo ake ndi amene anayamba kulankhula, kusimba zimene mayi anamuuza, za usiku umene tinawoloka msewu umenewu mu 1986 tili ndi mphika umodzi ndi bulangete. Anthu a ku Mozambique amene anathawira ku Malawi m'zaka zimenezo anafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Apa ndikuchenjezeni za pansi. Boma linalengeza mu Seputembala 2015 kuti minda yonse ya mabomba okwirira imene inkadziwika yachotsedwa, pambuyo pa ntchito ya zaka zoposa 20 ya mabungwe monga HALO Trust ndi APOPO, aja ankagwiritsa ntchito makoswe akuluakulu onunkhiza. Komabe nkhondo imasiya zinyalala zake. Pa bwinja la kwartelo, msasa wa asilikali, kapena la loja, pondani pamene pali njira ya anthu ndi mbuzi. Chitsulo chadzimbiri chimene simukuchidziwa musachitole, musachimenye ndi mwala, musalole mwana achitenge ngati chikumbutso. Auzeni amfumu kapena apolisi.

Kutsikira ku Tete, nyamukani ku Ulongwe m'mamawa, shapa zoyamba zisanadzaze. Ndi ulendo wa makilomita oposa 200, kudzera pa Mussacama, pamene mumakumana ndi msewu wochokera ku Zóbuè, kenako Moatize wa malasha. Mudzaona okha dziko likusintha: mapaini ndi mabulugamu akutha, milambe ikuyamba, juzi ikuvulidwa. Msewu wa Zóbuè umenewu, kupitirira mpaka ku Cuchamano pa malire a Zimbabwe, ndi umene malole a katundu wa Malawi ankayendamo pa mzere m'zaka za m'ma 1980, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Mukapeza dalaivala wachikulire pa malo odyera ku Zóbuè kapena ku Moatize, mugulireni tiyi n'kumufunsa za koluna. Nkhani zimene mudzamve simudzazipeza m'buku la sukulu.

Mumalowa mu mzinda kudzera pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene unamalizidwa mu 1973 nkhondo ya ufulu ili m'kati. Utsikeni pa shapa muuwoloke wapansi, madzulo dzuwa litapepa. Koma kamera ndi foni zikhale m'thumba mpaka mutapempha kwa amene akulondera. Ine ndinaphunzira zimenezi zaka zapitazo, pamene ndinajambula ana a sukulu ataima pa mlatho, munthu wa yunifolomu n'kundiitana, ndipo ndinataya maola awiri ndikufotokoza kuti ndine yani. Lamulo lake ndi lomwelo pa nyumba za asilikali, pa bwalo la ndege la Chingodzi, limene nthawi ya Apwitikizi linali la ndege za nkhondo, ndi pa damu la Cahora Bassa. Kumunsi pang'ono kuli mlatho wachiwiri, wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014. Dzina lake ndi la msasa wa Frelimo umene unali ku Marávia pambuyo poti nkhondo ya ufulu yatsegulidwanso m'chigawo chino mu Marichi 1968.

Mu mzinda muli malinga awiri a Apwitikizi. Lakale ndi la São Tiago Maior, pafupi ndi mtsinje, limene chiyambi chake ndi m'zaka za m'ma 1500, ngakhale makoma amene mukuwaona lerowa anamangidwanso kambirimbiri. Linalo ndi la Dom Luís, lotchedwa dzina la mfumu ya Portugal imene inalamulira kuyambira 1861 mpaka 1889. Woyendetsa tchopela, njinga yamoto ya matayala atatu, aliyense wachikulire akakufikitsani mukangoti "fortaleza". Pitani m'mawa, isanakwane 9 koloko, ndipo mukapeza munthu pakhomo mupatseni moni wa Chinyungwe, "Muli tani?", pomaliza n'kuti "Ndatenda". Chichewa chathu amachimva ndithu, koma moni wa chilankhulo chawo umafewetsa zinthu.

Anthu ena amakhumudwa akafika pa malingawa chifukwa ndi aang'ono. Ine ndimati ung'ono wakewo ndiye phunziro lake. Yendani mozungulira khoma, muwerenge mapazi anu, kenako muyang'ane kukula kwa Zambezi. Apwitikizi anakhala ku Tete kuyambira cha m'ma 1530, koma kwa zaka mazana atatu asilikali awo pano anali ochepa, odwaladwala malungo, olandira malipiro mochedwa. David Livingstone atafika pano mu Marichi 1856 anapeza mzinda wofooka, wozingidwa ndi nkhondo za eni minda. Mphamvu yeniyeni inali m'manja mwa eni maprazo, minda ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje, ndi asilikali awo, Achikunda. Achikundawa anali akapolo onyamula mfuti. Ankatolera msonkho, ankapha njovu, ankaperekeza amalonda, ndipo ankakwera mpaka kuno kwa Undi, mfumu ya Achewa, kudzagwira anthu. Agogo anga akafuna kutiopseza kuti tisapite kutali ndi mudzi ankatchula dzina lawo.

Amene ali ndi galimoto yolimba ndi tsiku lapadera apite ku Massangano, kumunsi kwa Tete, pamene Luenha amathira mu Zambezi. Dzinalo likunena kukumana kwa mitsinjeko. Pamenepo panali linga la banja la da Cruz, ndipo mawu a Apwitikizi akuti aringa ndi linga lathu lomweli. Mwini wake wotchuka, António Vicente da Cruz, amene anthu ankamutcha Bonga, ankatseka mtsinje n'kumalipiritsa mabwato onse opita ku Tete. Pakati pa 1867 ndi 1869 Apwitikizi anatumiza magulu a nkhondo motsatizana, onse n'kubwerera atagonja, ndipo lingalo linadzagweratu mu 1888 Bonga atamwalira kale. Kumeneku musapite nokha. Funsani ku ofesi ya chigawo yoona za chikhalidwe ku Tete kuti akulozereni munthu wodziwa njira, ndipo mutenge madzi ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti akwana. Ine Bonga sindimutenga ngati ngwazi yoyera, poti naye ankagulitsa anthu, koma ana ayenera kudziwa kuti mbendera ya Portugal sinkalamulira mtsinje uwu mmene mabuku awo ankanenera.

Tsopano Wiriyamu. Ngati masiku anu ndi ochepa, siyani zina zonse koma kuno mufikeko.

Ndi makilomita osapitirira 30 kumwera kwa mzinda. Mumatsata msewu wa ku Changara kenako n'kupatukira msewu wafumbi. Loweruka, pa 16 Disembala 1972, makomando a Apwitikizi pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS anafika m'midzi isanu ya dera limeneli, Wiriyamu, Chaworha, Juawu, Djemusse ndi Riachu, ponena kuti anthu ake akudyetsa Frelimo. Anasonkhanitsa anthu pabwalo, ena anawawombera, ena anawatsekera m'nyumba n'kuponyamo mabomba ndi moto. Maina amene anawerengedwa ndi 385, ndipo ambiri anali amayi ndi ana. Opulumuka ena anakafika ku chipatala ku Tete, ansembe a ku Spain a gulu la Burgos analemba zimene anamva n'kuzitulutsa m'dziko mobisa, ndipo wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anazisindikiza mu nyuzipepala ya The Times pa 10 Julaye 1973, kutatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa Portugal, akacheze ku London. Boma lake linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Panapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ipepese poyera, ku Maputo mu Seputembala 2022.

Pamalopo pali chipilala chachikumbutso, ndipo mafupa ena a ophedwawo anasungidwa pomwepo. Pitani ngati mukupita pa maliro. Valani zodzilemekeza, wailesi ya m'galimoto muzimitse musanafike, ndipo yambirani kwa amfumu kapena kwa mlembi wa mudzi. Musajambule mafupa popanda chilolezo, ndipo chithunzi chomwetulira mutatsamira chipilala musachiyerekeze n'komwe. Anthu okhala pamenepo ndi ana ndi adzukulu a ophedwawo. Ena amafuna kusimba, ena atopa nako kusimbira alendo amene amabwera, kulemba, n'kupita osabwereranso. Wina akakana, thokozani n'kumusiya.

Tsiku limene tinapita ndi mphwanga tinakhala pansi pa mtengo ndi mayi wina wachikulire amene anatiyalira mphasa. Mwana wamkazi wa mphwanga anali atakonza mafunso pa pepala, koma ndinamunong'oneza kuti alipinde. Tinayamba ndi za mvula, za mbuzi, za mtengo wa chimanga ku Angónia. Patapita nthawi yaitali mayiyo analoza ndi chibwano chake kumene kunali nyumba ya azakhali ake, n'kunena kuti tsikulo iye anali atatumidwa kumunda. Anasimba pang'ono n'kukhala chete, ife n'kukhalanso chete. Mwanayo anafunsa funso limodzi lokha, "Agogo, azakhali anuwo dzina lawo anali ndani?" Mayiyo analitchula kawiri, pang'onopang'ono, kuti mwanayo alimve bwino. Ngati mukufuna kufunsa kanthu pa malo otere, funsani zoterozo: dzina, mtundu wa mbewu zimene ankalima, kumene ankatunga madzi. Za mmene munthu anafera asimbe yekha akafuna.

Kuchoka apo, Songo, tauni ya pa damu la Cahora Bassa. Ndi makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete, kudzera ku Chitima, ndipo chakumapeto msewu umakwera phiri mokhotakhota. Ena adzadabwa kuti damu la magetsi likulowa bwanji m'nkhani ya asilikali. Cahora Bassa inayamba kumangidwa mu 1969, nkhondo ili pa chimake, ndipo Frelimo inalengeza poyera kuti ikufuna kuiletsa. Apwitikizi anazinga Songo ndi waya waminga, mabomba okwirira ndi asilikali, magalimoto a simenti ankayenda moperekezedwa, ndipo anthu masauzande ambiri a m'mbali mwa mtsinje anasamutsidwira m'maaldeyamento, midzi yotchingidwa imene munthu sankatulukamo popanda chilolezo. Khoma la damuli ndi lalitali mamita 171, ndipo madzi anayamba kudzaza mu Disembala 1974. Pa nkhondo ya zaka 16 nsanja za mawaya opita ku South Africa zinagwetsedwa zambirimbiri, magetsi n'kuleka kupita kumeneko kwa zaka zambiri. Dziko lathu linadzatenga gawo lalikulu la umwini wa damuli pa 27 Novembala 2007. Kuti muone khomalo ndi makina a pansi pa phiri muyenera kupempha chilolezo ku ofesi ya HCB, kampani yoyendetsa damuli, ku Songo, ndipo ndi bwino kupempha masiku angapo musanafike, makamaka mukakhala gulu. Dzina la Cahora Bassa anthu amalimasulira kuti pothera basa, pothera ntchito, chifukwa opalasa mabwato akafika pa mathithi a pamenepo ulendo unkathera pompo. Sitima ya Livingstone nayo inalephera pomwepo mu 1858. Pobwerera gulani nsomba youma ya chicoa, ya kunyumba.

Malo awiri otsala ndi akutali, ndipo aliyense amafuna ulendo wakewake. Kuzambwe kwenikweni kuli Zumbo, pamene Luangwa amakumana ndi Zambezi, msika wakale wa minyanga ndi golide wa m'zaka za m'ma 1700, umene pambuyo pake unakhala m'manja mwa akuluakulu a Achikunda monga Kanyemba ndi Matakenya. Chakumeneko ndi kumene Angoni a Zwangendaba anawolokera Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Ambiri amaona chapafupi kudzera ku Zambia, kukafika pa tauni ya Luangwa n'kuwoloka pa bwato. Kum'mawa kwenikweni, ku Mutarara, kuli mlatho wa njanji wa Dona Ana, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, womangidwa m'zaka za m'ma 1930, umene Renamo inauphulitsa mu 1986 n'kudula njira ya ku Sena. Unakonzedwa, ndipo uli ndi kanjira ka oyenda pansi ndi a njinga. Kuuwoloka wapansi kumatenga pafupifupi ola, ndiye yambani m'mawa.

Chinthu china chimene ndimapempha aliyense amene ndayenda naye: tengani kope ndi cholembera, ndipo madzulo aliwonse lembani zimene mwamva, ndi dzina la mudzi ndi tsiku. Mukafuna kujambula mawu a nkhalamba pa foni, pemphani, ndipo muwauze kumene mawuwo apite. Pa nkhani za nkhondo ya zaka 16 musafunse munthu kuti anali mbali iti, kapena kuti anawotcha mudzi wakuti ndani. Amene anali mbali iyi ndi amene anali mbali inayo lero amapemphera tchalitchi chimodzi, ana awo anakwatirana, ndipo inu mukachoka iwo amatsala pomwepo. Mukalonjeza kutumiza chithunzi, chitsukitseni pa pepala n'kuchipereka kwa kondakitala wa shapa ya njira imeneyo, chimafika.

Chithunzi cha mayi wa ku Wiriyamu uja mphwanga anachitsukitsa ku Lilongwe n'kunditumizira pa Dedza, ndipo ndinakachipereka ndekha mu Julaye, pamodzi ndi thumba la mbatata ya kwathu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati mtsikana uja akulikumbukirabe dzina la azakhali ake. Ndinaimba foni pomwepo, mwanayo n'kulitchula.